Chinkhanira cha pa Chiboliboli

Aliyense mumsewu wathu ku Palmira amamudziwa Yolima Caicedo chifukwa cha buledi. Ndi mayi wamtali uja, wosalankhulalankhula, amene amaima pakauntala mu bekale ya bambo Gustavo n'kukukulungira timabuledi ta tchizi totentha, timene timati pandebono, usanatsegule n'komwe pakamwa. Ochepa okha ankadziwa kuti nthawi ya nkhomaliro, anzake akapita kukadya, iye ankakhala pa thumba la ufa kuseri, n'kutulutsa tabuleti yong'aluka pakona imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Spain, n'kuyamba kujambula.

Matenda ojambulawa anabadwa nawo. Ali mtsikana ankadzaza makope a masamu ndi nkhope za aphunzitsi, mpaka bambo ake, odula nzimbe, anamuuza kuti zithunzi sadya. Anamvera, analowa ntchito, anakwatiwa ndi Arbey, anabereka Dayana. Koma dzanja linakana kumva. Atakula chonchi anapeza gulu la pa intaneti la anthu ojambula mongokonda, madalaivala, anamwino, osoka zovala, ndipo wolitsogolera anali bambo Evelio, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Cali. Lolemba lililonse bambo Evelio ankatumiza chithunzi cha chiboliboli chakale, zija za Agiriki ndi Aroma za mwala woyera, zoduka mphuno, zopanda manja, pamodzi ndi mawu ochepa ouza anthu chochita nacho. Pofika Lachisanu aliyense ankaponya chojambula chake m'gulumo, n'kumasekana. Chimodzi chimene chawagwira mtima, bambo Evelio ankachiika pa tsamba loonekera kwa anthu onse. Cha Yolima chinali chisanasankhidwepo, moti za tsambalo anali ataziiwala.

Mwamuna wake Arbey anali munthu wa mpira. Lamlungu lililonse ankathamanga pabwalo ali chifuwa pamtunda, chinkhanira chimene mnzake anamudinda pachifuwapo ali mnyamata chili poyera. Mnzakeyo anali ataledzera, mchira unakhotera kolakwika, ndipo tonse tinkamuseka Arbey kuti amudinda nkhanu. Chaka chatha makina ofinyira nzimbe pafakitale ina ya shuga anamugwira dzanja lamanzere, ndipo madokotala anadula mkono pamwamba pa chigongono.

Chibwerereni kuchipatala sanatulukeponso pageti. Dzuwa la kuno mmene limaotcheramu, iye ankavala malaya a manja aatali, mkono wa malaya wopanda kanthuwo ataupinda n'kuubaya ndi pini. Anzake akabwera, Yolima ankanama kuti wagona. Pomupaka mankhwala pachipsera, Arbey ankalamula kuti, "Usayang'ane," ndipo Yolima ankatembenuzira nkhope kukhoma, zala zokha zikugwira ntchito. Amayi a Arbey kwawo ku Guapi, kunyanja kutali uko, ankaimba foni mlungu ndi mlungu kuti mwana wawo abwere azimusamala okha. Ndipo Arbey anali atanena kale, akudya, mosakweza mawu:

"Tsiku limene anthu a mumsewu uno adzandione chonchi, ndinyamula chikwama ndipite kwa amayi. Sindidzabwereranso."

Arbey sanali munthu wonena chinthu kawiri, ndipo Yolima ankadziwa.

Ndiye linafika Lolemba lija. Bambo Evelio anatumiza thunthu la mwamuna, lopanda mutu, lopanda manja, miyendo yoduka m'ntchafu. Mawu ake anali akuti, "Chibwezereni zimene chinataya." Eee, gulu linachita misala. Dalaivala wina anachiika manja atanyamula mowa, namwino wina anachipatsa mutu wa apongozi ake. Yolima anajambula manja, anafufuta. Anajambulanso, anafufutanso. Manja alionse ankaoneka abodza. Mapeto ake anabwezera mkono umodzi wokha, wamanja, ndipo kumanzere anajambula chitsa cha mkono, mosokedwa monse, makwinya onse, zonse za mwala woyera. Mutu sanaike, poganiza kuti popanda mutu palibe angamudziwe munthu. Koma dzanja lake, lozolowera chifuwa chimenecho, linadinda lokha chinkhanira cha mchira wokhota. Anachiona, anachisiya dala, chifukwa popanda icho sanali Arbey. Lachisanu anaponya m'gulu, mtima ukumuuza kuti anthu a ku Cali ndi ku Medellín samudziwa mwamuna wake.

Loweruka m'mawa bekale inali yodzaza, mzere mpaka pakhomo. Analowa mayi Ofelia, oyandikana nawo nyumba, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo sigona. Sanaime pamzere. Anafika pakauntala foni ili m'mwamba.

"Yoli mwana wanga, koma dzanja uli nalo iwe! Taona, si chinkhanira cha bambo a Dayana ichi? Ndiye anawadulira apa eti? Ine ndinkayesa m'munsimu."

Chopanira buledi chinamugwa m'manja. Pafoniyo panali chojambula chake, pa tsamba la anthu onse lija, pansi pake ndemanga zili mbwee.

"Mwachitenga kuti?"

"Anditumizira alamu ako a Ferney. Akuti akupita kukawaonetsa achimwene awo, asangalale kuti atchuka."

Ferney, mng'ono wa Arbey, amanyamula anthu pa njinga yamoto. Mtima wabwino ali nawo, koma m'mutu mwake mulibe mabuleki. Yolima anathamangira kuseri kwa matumba a ufa, n'kuimbira bambo Evelio.

"Chotsani chithunzi chija, chonde, chotsani pompano."

"Mayi Caicedo, koma anthu achikonda kwambiri. Chiyambireni gulu lino sindinaone..."

"Ndi mwamuna wanga. Si mwala, ndi munthu wamoyo, ndipo sakudziwa."

Kunamveka akudina mabatani. Kenako mkuluyo anati, "Ndachotsa. Koma pepani mayi, ambiri atenga kale."

Yolima anaimbira Ferney, foni inangoitana. Anaimbira Arbey, inaitana pang'ono n'kudulidwa. Apa m'pamene mantha anamugwira zenizeni, chifukwa Arbey sankamudulira foni. Anadutsa pakauntala osavula epuloni, bambo Gustavo akukuwa kumbuyo kuti, "Iwe Yolima, ukupita kuti mzere uli chonchi?" Sanacheuke. Anakwera njinga yamoto yoyamba imene anaiona, ndipo njira yonse ankangouza woyendetsa kuti afulumire. Chimodzi chokha chinkamutonthoza, kuti Dayana anali kwa azakhali ake.

Pageti anapeza Ferney atakhala pa njinga yake, nkhope ili pansi.

"Alamu, ine ndimayesa kuti asangalala. Ndikulumbira, ndimayesa..."

"Ali kuti?"

"Mkatimo. Akuti ndidikire, ndiwaperekeze kudepoti."

"Inu alamu, pakamwa panupo mudzapasoka liti?"

Anamusiya akudzikanda m'mutu. Ndipo kunena zoona, Yolima ankadziwa kuti wolakwa si Ferney.

Chikwama chinali pabedi, zovala zitaponyedwamo mwachisawawa, zipi ili pakati chifukwa ndi dzanja limodzi sanathe kuitseka. Arbey anali atakhala m'mphepete mwa bedi, foni ili pabondo, chithunzi chija chili pamenepo. Sanadzutse mutu.

"Bambo a Dayana, ndalakwa," anatero Yolima ali pakhomo. "Sindinkadziwa kuti achiika poyera. Achichotsa."

"Achichotsa." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Anyamata a mpira onse ali nacho. Wina walemba kuti nkhanu yataya chala. Ine ndakhala m'nyumba muno ngati khoswe, ndikutuluka thukuta m'malaya awa, ndiye iwe ukundivula pamaso pa dziko lonse?"

"Ndalakwa."

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Munandiuza."

"Ndiye tseka chikwamacho."

Yolima sanasunthe. Ankaopa kuti akangogwira zipiyo ndiye kuti banja latha. Panja Ferney analiza injini, kenako anaizimitsa.

"Ndati tseka," anatero Arbey. Koma maso ake sanali pa chikwama. Anali atakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, foni ikuterereka pabondo, ndipo ankayang'ana malo amodzi, kuseri kwa chitsa, kufupi ndi kukhwapa. "Ichi n'chiyani?"

Yolima anayandikira pang'ono. "Ndi pamene ulusi unakoka khungu. Pali kadzenje, kenako mnofu wapindika."

"Pali zimenezi pa ine?"

"Zilipo. Inu simungazione, zili kumbuyo."

Arbey analowetsa dzanja m'malaya, napapasa kukhwapa. Yolima anaona chala chake chikuima pansi pa nsalu pamene chinapeza kadzenje kaja. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mwamunayo anadzutsa mutu.

"Unaona liti? Iwe ukamandipaka mankhwala umayang'ana kukhoma."

"Munandiuza kuti ndisayang'ane."

"Unaona liti?"

Yolima anamuyang'ana m'maso. Kunama kunalibenso ntchito. "Lamlungu masana, mukagona tikatha kudya. Kukatentha mumamasula mabatani muli m'tulo, malaya amatsika. Ndimakhala pampando uwo, n'kumakuyang'anani."

"Kangati?"

"Lamlungu lililonse."

Arbey anayang'ana pampando paja. Atalankhula, mawu ake anali atasasa.

"Ndinakuuza motsimikiza kamodzi kokha, tsiku loyamba, bala likadali laliwisi. Masiku enawo ndinkangonena kuti ndione ngati utsutse. Iwe n'kumatembenuka msangamsanga, osadikira n'komwe kuti ndimalize. Ndinkati ndimakunyansa, Yoli. Chaka chonsechi ndinkati mkazi wanga akupirira kununkha."

Misozi inamutuluka Yolima, ya chisoni ndi ya mkwiyo pamodzi. "Ndiye bwanji osandifunsa, munthu wamkulu inu? Ine ndinkatembenuka kuti ndikulemekezeni! Ndikanakhala kuti mumandinyansa, ndikanataya nkhomaliro za mlungu wonse ndikujambula makwinya anu limodzilimodzi? Anzanga ankaika manja abodza pa mwala uja. Ine ndinayesa, zinakanika. Thupi limene ndimalidziwa ndi ili."

Panja Ferney analiza hutala kamodzi, mwamantha, ngati akupempha chilolezo.

Arbey anayang'ana chikwama, nayang'ananso foni. Anaitembenuza n'kuiika pabedi chafufumimba.

"Za anthuwo sindinakukhululukire," anatero. "Usaganize kuti zatha."

"Ndikudziwa."

Anayesa kumasula pini ya pa mkono wa malaya. Inamuterereka, inamubaya chala, anatukwana chapansipansi. Kenako anatembenuzira phewa lamanzere kwa mkazi wake.

"Tandimasula ichi, kukutentha."

Yolima anagwada, manja akadali ndi ufa, namasula piniyo, kenako mabatani. Malaya atatsika paphewa, khosi lake linayamba lokha kutembenukira kukhoma monga mwa masiku onse. Arbey anamugwira chibwano ndi dzanja lake limodzilo n'kubweza nkhopeyo.

"Ndili maso," anatero. "Yang'ana."

Yolima anayang'ana. Hutala inaliranso panja, ndipo Arbey anakuwira pawindo kuti, "Ferney, pita ukagwire ntchito, ukutisokosa!"