Maso a malume amakhala pa kaliyala

Loweruka lapitali ndinaonera mpikisano wa magalimoto wa kutsidya kwa nyanja, ndili khale pa benchi yogwedera kuseri kwa msika wa pa Chadiza pano. Za pasipoti musandifunse. Mwini kanyumba ka vidiyo kaja, kamene jenereta yake imatisokosera kuyambira m'mawa, anatopa ndi mafilimu a karate, ndiye anabwera ndi tepi ina kuchokera ku Chipata.

Komatu kumsikako sindinapitire magalimoto. Ndinapita kukalanda njinga.

Ndifotokoze bwino. Malume anga, a Fabiano Mbewe, amakhala ku Zemba, ndipo ndi amene anandilera atate atamwalira. Paunyamata wawo ankayendetsa thirakitala ya ku mishoni. Atasiya imeneyo anakhala katekisiti, n'kumazungulira timatchalitchi ta m'midzi pa njinga yawo yakuda ija. Akazi awo ndi a Nabanda, ine ndimawatchula azakhali. Kulikonse kumene malume apita, azakhali amakhala ali kumbuyo pa kaliyala, mwakuti anthu a ku Zemba anatopa n'kuwaseka kuti chikondi chawo chilibe manyazi.

Sabata yatha mwana wawo Tereza, amene anakwatiwa pa boma pano, anafika kunyumba kwanga nkhope ili gwa. Msuweni akalowa pakhomo osakunyoza ngakhale pang'ono, dziwa kuti kwagwa nkhani.

"Asuweni, maso a atate atha," anatero. "Tsiku lina ndinawapeza pakhonde, anandifunsa kuti ndine yani, ine mwana wawo. Kutchalitchi anasiya kuwerenga, ati akupereka mpata kwa achinyamata. Bodza limenelo. Kuchipatala akukana. Koma njinga akupalasabe, amayi ali kumbuyo, pa msewu uno wa malole a thonje. Kodi tidikire maliro awiri? Inu amakumverani. Kawalandeni njinga imeneyo."

Kulanda njinga ya malume! Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa chimene ndikunena. Kwa mwamuna wa ku Zemba njinga ndiyo chigayo, ndiyo chipatala, ndiyo ulemu wake. Ukamulanda, wamukhazika pakhonde mpaka tsiku lomunyamula. Ndinavomera ndi pakamwa pokha, mtima uli kwina.

Loweruka lija ndinawapeza pamsika akugula mchere ndi parafini. Nditapereka moni, malume anatembenukira kumene kunachokera mawu anga, koma maso awo analunjika paphewa panga. Ndinawayang'anitsitsa. Pakati pa diso lililonse panali poyera ngati mkaka wodonthera m'madzi. Mawu onse amene ndinakonza panjira anandithawa.

Nthawi yomweyo sipikala ya kanyumba ka vidiyo inabangula. Malume anadzutsa mutu.

"Imeneyo si injini ya lole," anatero. "Si thirakitalanso ayi. Lazaro, chikulira choterocho n'chiyani?"

"Ati ndi mpikisano wa magalimoto, malume."

"Tiyeni tikaone."

Munthu amene sakuona akuti tikaone. Koma ine ndinakondwa, poti nkhani yanga yovuta ija inapeza pobisala.

M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Anthu anafinyana kutipatsa malo kutsogolo. Zimene tinaona, abale, n'zovuta kuzikamba. Timagalimoto tating'ono, tolembedwa thupi lonse, kalikonse ndi mbendera ya dziko lake. Satinyamutsa pamodzi ayi: kamanyamuka kamodzi, kenako kena, ndipo wopambana ndi amene wafika m'nthawi yochepa. Msewu wake wa tala, wakuda bii, wosalala ngati mbale yatsopano, wokhotakhota m'mapiri. Mbali iyi thanthwe, mbali iyo phompho. Galimoto imafika pokhota n'kutembenuka chammbali, matayala akulira, utsi uli tolo, anthu oonerera ali chiimire m'mbali ngati alibe ana kunyumba.

Malume ankangomva ndi makutu, azakhali akuwanong'oneza. "Yofiira yadutsa. Tsopano yoyera. Iii, iyi yakhudza mpanda." Malume dzanja lawo lamanja linkasuntha lokha pabondo, kusintha magiya a thirakitala imene inawola kalekale.

Kenako chithunzi chinalowa m'kati mwa galimoto. Munali anthu awiri, onse atavala zipewa zolimba zophimba mutu wonse. Wina wagwira chiwongolero. Winayo sanagwire kalikonse koyendetsera, koma pakamwa pake sipankapuma, akulankhula chilankhulo chimene ngakhale ine mphunzitsi sindinatolepo kanthu.

"Nanga uyu wakhala pambaliyu, bwanji sakutseka pakamwa?" azakhali anafunsa mokweza.

"Ndi mkazi wake ameneyo!" anayankha bambo wina kumbuyo. Nyumba yonse inafa nacho chiseko.

Ine ndinafotokoza zimene ndinamvapo. Ndinati pa liwiro lotero woyendetsa sangaone chimene chili kuseri kwa khona. Akachiona ndiye kuti wachigunda kale. Mnzakeyo anauyendera msewuwo mpikisano usanayambe, ndiye amamuuza zakutsogolo: apa khotera kumanzere, apa pachepa, apa ponda. Woyendetsa satsutsa. Wolankhulayo akachedwa ndi liwu limodzi, onse awiri ali kuphompho.

Azakhali anawagunda malume ndi chigongono.

"A Mbewe, mwamva? Ntchito yanga ija, kunja amaivalira chipewa."

"Khalani chete inu," malume anatero, koma mapewa awo ankagwedezeka, mpaka anapukuta misozi ndi mkono wa jekete.

Ine sindinamvetse. Ndinamvetsa madzulo, nditanamizira kuti ndikufuna kukaona mayi anga ku Zemba, n'kuwatsata pambuyo ndi njinga yanga.

Azakhali amakhala chammbali monga amayi onse, koma mutu amausuzumiritsa kumbali kwa amuna awo, dzanja limodzi litagwira jekete. Tisanatuluke n'komwe pa boma ndinayamba kumva.

"Mchenga, chepetsani."

"Dzenje kumanja. Lina pakati. Bwererani."

"Mbuzi ziwiri, sizinaganize kolowera. Zapita."

"Akubwerawo ndi a Zulu a kukwaya, apatseni moni."

Ndipo malume, mokweza ngati munthu amene wawaonera patali: "A Zulu! Kunyumba kuli bwanji?" A Zulu anayankha mokondwa n'kudutsa, osadziwa kanthu. Umu ndi mmene Zemba yonse yakhala ikupusitsidwira. Ife tinkati n'chikondi chopanda manyazi. Chinalidi chikondi, koma chinali pa ntchito.

Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi Tereza sakukokomeza? Njinga inkayenda mowongoka kuposa yanga.

Yankho linabwera pa mtsetse wotsikira ku kamlatho kopapatiza. Dzuwa linali litapendeka, likutilasa m'maso. Ngolo ya ng'ombe inali itangodutsa, fumbi lake lisanakhazikike. M'fumbi lomwelo munatulukira lole ya thonje, yodzaza mpaka kupendama, ili pakati penipeni pa msewu.

"Imani!"

Liwu limodzi lokha. Malume sanafunse kuti chifukwa chiyani. Anafinya mabuleki, mapazi pansi, njinga n'kupendekera ku udzu. Lole inadutsa pafupi moti mphepo yake inawachotsa chipewa kumutu. Woyendetsayo sindikhulupirira kuti anationa.

Fumbi litatha ndinapeza azakhali atatsika, atakhala pansi m'mbali mwa msewu. Malume anali chiimire, atagwira njinga, akupapasa kaliyala yopanda munthu.

"Nabanda? Muli kuti?"

"Ndili pano."

"Mwachita bwino. Mwaiona msanga."

"Ayi, a Mbewe. Ndaiona mochedwa." Mawu awo anali otsika. "Ndinaimva kulira koma sindinaione. Dzuwa likakhala chonchi, nanenso masiku ano ndimangoona utsi."

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula zimene Tereza anandituma. Sindinapeze polowera, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindinapapeze. Malume anagoneka njinga pansi, anatsata mawu a akazi awo n'kukhala pambali pawo, pafumbi pomwepo, katekisiti wathunthu ndi jekete yake ya ku tchalitchi.

"Ndikudziwa, mukufuna ndipite ku mipeni ya madokotala," anatero. "Kamene ndikuonaka n'kochepa, koma n'kanga. Ndimasiyanitsa usana ndi usiku. Ndimaona kuti apa pakhala munthu. Akakagwira ndi mpeni n'kuzimiratu, mudzandibwezera ndani?"

"Kakazima ndidzakugwirani dzanja, tizidzayenda pansi. Kodi miyendo tinabwereka?" Azakhali anapumira m'mwamba. "Koma tamverani. Zaka zonsezi ine sindinaone chimanga cha anthu m'mbali mwa msewu uno. Sindidziwa amene wafolera nyumba, sindidziwa amene walima bwino. Ndimangoona maenje. Mukukumbuka mmene munkanditenga kwathu ku Mlolo ndili mtsikana? Ndinkakhala kumbuyoku n'kumaimba njira yonse, inu n'kumati ndikukusokonezani. Ndikufuna ndidzaimbenso ndisanafe."

Malume anatola kamtengo n'kumakanda pansi. Kenako anatembenukira kumene ankaganiza kuti ndaima.

"Lazaro, minibasi ya ku Chipata imanyamuka nthawi yanji?"

Njira yotsalayo tinayenda pansi, tikukankha njinga.

Tsono ndikufunseni, abambo anzanga. Bambo uja atafuula m'kanyumba ka vidiyo kuti "ndi mkazi wake ameneyo", tonse tinaseka chifukwa chiyani? Si chifukwa chakuti kwathu kuno mawu a mkazi timawayesa phokoso? Pa mowa timadzitama kuti ine mkazi sandiuza zochita. Chonsecho amene anakumbutsa kuti mbewu isungidwe, amene anaona kuti mwana watentha thupi, amene anati mnzako uja usamukhulupirire, ndi yemweyo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga pali mnansi woposa amene wakwera njinga imodzi ndi iwe, amene ukagwa agwa nawe?

Mu filimu ija, mpikisano utatha, ndinaona opambana atakwera pamwamba pa galimoto yawo. Anakwera onse awiri, woyendetsa ndi wolankhula uja, n'kukweza chikho pamodzi. Kwathu kuno amene ali pa kaliyala timamuwerengera pamodzi ndi thumba la mchere.

Ifenso ana tili ndi pathu. Kholo likayamba kufooka timakhala upo kuseri, n'kumapangana zolilanda: njinga, khasu, makiyi a nkhokwe, ngakhale mawu ake omwe. Timati tikuliteteza, ndipo nthawi zina n'zoona. Tereza sanalakwe, lole ija inalipodi. Koma palibe mwa ife amene anaganiza zofunsa azakhali kuti zinthu zikuyenda bwanji, kapena kufunsa malume kuti chimene akuopa n'chiyani. Ndi okalamba angati m'midzi yathuyi amene akuti "ndikupereka mpata kwa achinyamata" pamene vuto ndi maso?

Za msewu ndingonena pang'ono, poti mwazimva kokwanira nthawi ya kampeni. Anzathu kunjaku ali ndi tala wochitirapo masewera. Ife tikupempha wopititsirapo odwala.

Lachinayi tinapita kuchipatala ku Chipata. Njinga malume anaisiya okha kunyumba kwanga, palibe anawalanda, ndipo anandilangiza kuti ndisabwereke munthu, ngakhale bambo mfumu. Adokotala atawaunika anati ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa. Ayamba ndi diso limodzi. Azakhali nawonso anawayeza, akuti iwo akungofunika magalasi. Pamene ndikulemba izi malume ali m'chipatala kudikira tsiku lawo, akuphunzitsa odwala anzawo nyimbo za Chilatini zimene palibe anawapempha.

Koma chimene chanditsalira mumtima ndi cha panjira. Mu minibasi tinakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, azakhali pakati. Titangonyamuka, khosi lawo linatalika.

"Dzenje kumanzere."

Dalaivala anawayang'ana pa galasi.

"Chepetsani, pali mchenga. Ng'ombe izo."

"Amayi," dalaivala anatero, "msewu uno ndimaudutsa tsiku lililonse."

"Pepani, mwanawe," azakhali anayankha, n'kugwira pakamwa. Sipanapite nthawi: "Mwala."

Anthu anayamba kuseka. Malume anakweza dzanja. "Achimwene, amvereni. Ine andiyendetsa zaka zambiri, ndipo ndili moyo."

Anatero njira yonse ya fumbi, mpaka dalaivala anazolowera n'kumayankha kuti "ndaliona, amayi." Kenako, tikuyandikira Chipata, matayala anakwera pa tala. Kugwedezeka konse kunatha, mawindo anasiya kulira. Azakhali anayang'ana kutsogolo, anafunafuna, osapeza choti anene. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'onopang'ono. Mutu unapendekera pa phewa la amuna awo, ndipo anagona, pakamwa pali yasa ngati mwana.

Titafika pa siteshoni ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwedeze. Malume, amene sanaone dzanja langalo koma analimva likubwera, analigwira m'malere.

"Asiye pang'ono," ananong'ona. "Anthu atsike kaye."

Inu amene mukupalasa lero, wakukhalirani kumbuyoyo munamufunsapo liti ngati watopa?