Mizere Itatu ya a Lamson

A Lamson Chagunda timapemphera nawo mpingo umodzi. Mukawaona Lamulungu atatchena jekete, simungadziwe kuti ndi munthu amene anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cholimbikira.

Anabwera ku Perth potsatira akazi awo, mayi Felesta, omwe ndi namwino pachipatala cha ku Murdoch. Kwawo ku Dedza anali mlimi wa kachewere wodziwika, ndipo munda wawo unkayera ngati pabwalo posesa. Kuno anatha chaka chathunthu akutsuka mbale ndi kuperekeza ana kokwerera basi. Sankadandaula, koma ankangoyang'ana manja awo akufewa, ndipo ine zinkandimvetsa chisoni.

Ntchito anakaipeza kumapiri a kum'mawa kwa mzinda, komwe usiku kumazizira ngati kwawo. Kumeneko a Edmund ndi akazi awo a Susan ali ndi kamunda ka mphesa, ndipo vinyo amapangira m'shedi kuseri kwa nyumba. Msana wa a Edmund unali utayamba kuvuta, choncho anagwirizana zowayesa a Lamson mwezi umodzi. Akakhutira nawo, awalemba.

Tsiku loyamba lomwe a Lamson mtima unawawawa. Pakati pa mizere ya mphesa panali udzu wofika m'mawondo, maluwa, njuchi, zonse zili pikitipikiti. Anangoti anthuwa ukalamba wawagonjetsa, ndipo kufunsa kungawachititse manyazi. Anagula khasu, mpini wake sunawasangalatse, nasema wawo. Loweruka eni munda atapita kukagulitsa vinyo kumsika ku Fremantle, a Lamson analawirira kukawachitira zabwino. Pofika madzulo mizere itatu inali mbee, dothi lili pamtunda, iwo atatsamira khasu kudikira kuyamikiridwa.

A Susan atatsika m'galimoto anagwira pakamwa. Kenako anagwada, natapa dothi, misozi ili lengelenge. Udzu uja sunali tchire, anachita kufesa okha, ndipo unawatengera zaka zisanu ndi ziwiri kuti ukhazikike. Ndi umene unkasunga chinyezi, kudyetsa nthaka m'malo mwa feteleza, ndi kusunga tizilombo todya tinzake towononga mphesa, n'chifukwa chake sankapopera mankhwala. A Edmund anangonena kuti aonana mwezi ukatha.

A Lamson anafika kunyumba mapewa atagwa. Mayi Felesta anaseka kaye mpaka kukhala pansi, pakuti ndi mmene alili, kenako anati: "Ndiye mukasiya munda wa eni uli maliseche? Lolemba ndili ofu, ana ndiwaona ine. Pitani mukauveke."

Lolemba a Lamson anakapepesa, napempha kuti mizere itatuyo awasiyire iwo. Anakumbukira mmene alangizi a zaulimi ku Dedza ankawakakamizira kuphimbira nthaka ndi mapesi a chimanga, iwo n'kumakana kuti ndi ulimi wa aulesi. Tsopano anamweta udzu wa m'mbali mwa mpanda, natola manyowa a nkhosa za pakhomopo, nayala mzere ndi mzere pamanja. Kunayamba kutentha, mwezi n'kutha. Tsiku lomaliza a Susan anapisa dzanja pansi pa udzu uja, napeza dothi lili lonyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Anapukuta dzanja pa thalauza, nawauza kuti Lolemba abwere ndi chipewa chachikulu, chifukwa Januwale wa kuno sachita naye masewera.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. A Lamson ndi amene amatengulira mphesa, amalowetsa nkhosa m'munda nyengo yozizira kuti zidye udzu, ndi kuzitulutsa mphesa zikayamba kuphuka. Vinyo salawa n'komwe. Amangotafuna mphesa imodzi n'kunena kuti tidikire masiku anayi, ndipo a Edmund amawamvera. Mizere ija pakhomopo amaitchula kuti ya Lamson mpaka lero, ndipo alendo obwera kudzalawa vinyo sachoka asanamve nkhani yake. Khasu lija lili pakhoma m'shedi. A Lamson amavomera kuti akadutsa pa udzu wautali manja amawayabwabe, ndiye amangowapisa m'thumba.

Chaka chatha anajambula munda uli wobiriwira, udzu uli m'chiuno, natumiza kwa akulu awo a Goodwill ku Dedza. Sipanatenge nthawi foni inalira.

"Achimwene, mundawu mwini wake akudwala? Palibe wachibale woti n'kumupalirira?"

A Lamson akuti anayang'ana manja awo, omwe tsopano ndi okhakhala ngati kale.

"Mwini wake ali bwinobwino, achimwene," anatero. "Ndimalima ndine."