Antchito a m'thumba

Bambo a dimba la kumunsi kwa Fonte Boa sakhulupirira maso pa nkhani ya dothi. Amalitapa, amalinunkhiza, kenaka amagamula kuti, "Umu muli antchito." Antchitowo akuti ndi tizilombo tosaoneka timene timadyetsa mizu ya mpunga. Munthu akawotcha mapesi m'munda, amamukalipira ngati wawotcha nkhokwe.

Nkhondo itafika, mudzi wonse unathawira cha ku Domwe. Bambowa anatwika akazi awo, a Marcelina, thumba lolemera, ndipo mayiwo analisenza masiku awiri poyesa ndi nyemba. Pomasula anapeza dothi lakuda la kudimba. Mlungu wathunthu sanawalankhule amuna awo.

Kumeneko anapatsidwa dambo lotuwa ndi mchere, lomwe eni ake analitaya kalekale. Bambowo anakanda dothi lija ndi madzi, n'kumaviikamo mizu ya mbande asanawoke. Mpunga wa anzawo unapsa nsonga n'kufota, koma wawo unabereka mpaka kuwerama.

Tsiku lopuntha, a Marcelina anauyang'ana mulu wa mpungawo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Antchito anuwa ndawavomera, bambo. Koma tsiku lobwerera kwathu, ayende ndi miyendo yawo."