Kunenerera Pulogalamu Yojambulira Nyimbo

Ine ntchito yanga ndi nsapato za kaunjika. Ndimalawirira ku Limbe kukapikula belo likangotsegulidwa, ndizichape, ndizipake polishi, n'kukaziyala mumsika wa Ndirande. Pa zaka zonsezi ndaphunzirapo chinthu chimodzi: mtengo woyamba ndi moni chabe. Weniweni umabwera ukatembenuka n'kuyamba kupita, wogulitsa n'kukuwa kuti, "Bwerani madala, mwakwiya chani?" Ndipo akaitana koyamba sucheuka. Umadikira kachiwiri. Nzeru imeneyi yandidyetsa, yaphunzitsa ana anga. Inatsala pang'ono kundichotsa pabanja.

Akazi anga anabadwa atatu, onse aakazi, onse oimba. Iwo ndi oyamba. Wachiwiri anapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatha asanapondeko kuno, chifukwa mapepala ake ndi aja oti ukangotuluka sulowanso. Wamng'ono ndiye ankakwatiwa. Zinadziwika msanga kuti alamu a ku Joniwo ku ukwati sadzakhalako, ndipo apongozi anga, mayi awo, anangosiya kuitchula nkhaniyo.

Akazi anga anapeka nyimbo. Anati iwo aimba mawu oyamba ndi achitatu, mng'ono wawo wa ku Joni uja atumize achiwiri pafoni, tiziphatikize, idzalire muholo apongozi asakudziwa kanthu.

"Thupi lakanika," anatero. "Mawu okha afike."

Ndinapita ku situdiyo ina ku Zingwangwa kukafunsa. Mwini wake, bambo wonenepa wosakonda kuyankhula, anatchula mtengo maso ali pa kompyuta. Ndinabwerako ndikulalata njira yonse, ndipo pofika kunyumba ndinati ndalama imeneyo ine ndingatsegule nayo situdiyo yangayanga.

"Tsegulani," anatero akazi anga, akusenda mbatata.

Pakamwa pamapha. Pasanathe sabata ndinali nditagula laputopu yakufa batire, ija yoti magetsi akangoti phethi nayonso yagona. Maiki ndinagula ku tchalitchi china chomwe chinali chitapeza atsopano. Chipinda cha ana ndinachikhoma matileyi a mazira, matiresi n'kutsamiritsa pawindo. Ana ankagona pabalaza akundiyang'ana ngati ndawalanda munda. Chinatsala ndi pulogalamu, ija imakulola kujambula mawu aliwonse pamzere wakewake, mizereyo n'kusanjikizana, munthu mmodzi n'kumveka ngati kwaya.

Apa ndi pomwe tulo ta masana tinandithera. Yoyamba kuipeza inali yaulere. Yotuwa, yosakongola, mabatani ang'onoang'ono ngati wailesi yakale. Ndinaiyesa, inagwira ntchito bwinobwino, ndipo n'chomwe chinandikayikitsa. Mumsika munthu akakupatsa nsapato ulere, dziwa kuti imodzi ndi ya mwana inayo ndi ya bambo ake. Komanso chinthu chaulere unenerera ndi ndani? Ukanyadira chiyani kwa anzako? Ndinaitseka.

Yachiwiri ndinaigula kwa anthu aja oika nyimbo m'makhadi a foni kuseri kwa msika. Ndinanenerera mpaka wogulitsayo anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndilibe chisoni. Nditaiika, laputopu inayamba kulira ngati minibasi yokwera chitunda itadzaza, n'kutentha moti ukanaphikirapo dzira. Pa sikirini panayamba kutuluka zithunzi zoti sindingazifotokoze. Ndinaichotsa akazi anga asanalowe. Yachitatu inali ya pafoni, koma inkafuna kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo ine lendi imodzi imandikwana.

Ndiye ndinapeza yachinayi. Yakuda, mizere yamitundumitundu, yokongola ngati galimoto ya bwana. Eni ake anati: iyeseni masiku makumi atatu ulere, chilichonse chigwira, kupatula kutulutsa nyimbo yomalizidwa. Kuti nyimbo ituluke, lipirani. Ine ndinaseka. Kulawa ndimakudziwa. Masiku makumi atatu ankatha Lachitatu, ukwati unali Loweruka lake. Ndinaona kuti nthawi ilipo yambiri.

Koma mtima sunakhazikike. Ndili pabenchi langa mumsika, maso pafoni, kufufuza ngati kulibe ina yotsika mtengo. Mu minibasi chimodzimodzi, mpaka tsiku lina ndinapitirira siteji yanga. Kasitomala wina anayesa nsapato, kuyenda nayo uku ndi uku, kuivula, kupita, ine osamunena ngakhale mtengo. Mnzanga wogulitsa malamba pafupi nane anafunsa ngati ndapeza chibwenzi.

"Ndapeza zinayi," ndinatero, "koma zonse zikufuna ndalama kupatula chimodzi chosasamba."

Kujambula kunali ndi mavuto ake. Woyandikana nafe amawotcherera mafelemu a mawindo, ndipo makina ake opalira zitsulo akayamba ngakhale pemphero silimveka. Tinkadikira apite kukadya, ine n'kuthamanga kuchoka kumsika, akazi anga n'kuvala mahedifoni pamwamba pa duku. Vesi imodzi tinkaibwereza kasanu, kakhumi. Pena tambala, pena wogulitsa makala, pena magetsi. Akazi anga sanadandaule. Ankangoti, "Tiyeni kachikena."

Mawu awo oyamba tinawatumiza ku Joni. Alamu anajambula awo masana mabwana awo atachoka, atadzitsekera kubafa, foni ina kukhutu ina kukamwa. Asanayambe kuimba anayamba ndi ine.

"Alamu, mwati ndinu pulodyusa tsopano? Nsapato zagwa msika? Mukandiwonongera mawu anga mudziwe kuti jekete ndinakulonjezani ija ndipatsa mlonda wa pano."

Nditaika mawu awo pamzere wachiwiri, pulogalamu ija inawakoka yokha n'kuwayendetsa limodzi ndi enawo. Ndinadina batani. Mawu atatu anatuluka pamodzi m'kachipinda ka matileyi a mazira. Akazi anga anagwira pakamwa, n'kutuluka panja kukaima pa chingwe choyanikira zovala, pomwe panalibe chovala chilichonse.

Kunatsala kulipira. Mtengo unali m'madola, ndipo ine khadi la kubanki lolipirira kunja ndilibe. Alandilodi athu, bambo wopuma pantchito ya ukalaliki, anavomera kuti alipira ndi lawo ine ndiwapatse makwacha. Lachisanu tinakhala pakhonde pawo, tinalemba zonse, tinafika pa batani lomaliza. Chala changa chinakana. Kulipira mtengo woyamba, ine? Ndinatseka tsambalo.

"Nanga bwanji?" anafunsa alandilodi.

"Ndikuganizira kaye, bambo."

M'mawa mwake foni inalira. Imelo. Eni pulogalamu aja: mwasiya katundu wanu panjira, bwererani, takuchotserani pang'ono. Ndinadumpha ndi msuwachi kukamwa.

"Mayi a ana! Andiitana! Ndimakuuzani ine, msika ndi umodzi dziko lonse lapansi!"

"Ndiye kalipireni."

"Aka n'koyamba."

"Bambo a ana, amenewo si a ku Limbe."

"Wogulitsa ndi wogulitsa. Pofika Lolemba atsitsanso, muona."

Alandilodi nawo anandichenjeza kuti masiku ano banki ili ndi nyengo zake, lero ilola mawa ikana, bola kulipira pomwe ikulola. Ndinawathokoza mwaulemu ngati mmene umathokozera munthu wokulangiza za ntchito yomwe iwe unabadwira.

Lamulungu ndili m'tchalitchi foni inali m'manja pansi pa buku la nyimbo. Lolemba ndinkaitsegula mphindi iliyonse. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, poganiza kuti mwina netiweki ndiyo yagwira uthenga. Ndinagula bandulo ina pamwamba pa ina. Lachiwiri ndinalowanso patsamba lija, kufika pa batani lomaliza, n'kutulukanso mwadala kuti andione bwinobwino ndikupita. Palibe anakuwa. Alamu okha ndiwo ankatumiza uthenga: "Yatuluka? Nditumizireni ndimve."

Lachitatu, tsiku lomaliza, ndinapita kwa alandilodi. Kuchotsera kuja kunali kutatha, mtengo wabwerera pakale. Ndinati basi, lipirani wonsewo. Analemba manambala a khadi, tinadikira, kenako panabwera mawu ofiira. Anayesanso. Kachitatu anaimbira ku banki, anamvetsera nthawi yaitali, n'kuika foni pansi.

"Akuti za kunja aimitsa kaye. Madola kulibe. Mwina sabata ya mawa."

Lachinayi m'mawa ndinatsegula laputopu. Pulogalamu ija inangoonetsa kabokosi kamodzi pakati: nthawi yanu yatha. Mizere yonse, mawu onse, mwezi wathunthu wa kudikira wowotcherera akadye, zonse kuseri kwa kabokosiko.

Akazi anga anali atamanga kale chikwama, akupita ku Chilomoni kwa mayi awo kukathandiza zokonzekera. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mng'ono wanga anaimba kubafa kwa eni ake, akuopa kugwidwa," anatero. "Mumuuze nokha. Ine sindimuuza."

Sindinamuuze. Ndinanyamula laputopu m'chikwama cha nsapato, kukwera minibasi ya m'tauni, kutsika, kukwera ya ku Zingwangwa, kukagogoda kwa bambo wonenepa uja. Anamvetsera nkhani yonse, ndipo aka kanali koyamba kumuona akuseka. Anati pulogalamu imeneyo iye sagwiritsa, ndipo masiku awiriwo ali ndi makwaya awiri ofuna kumaliza. Koma anaitsegula laputopuyo, kudinadina, n'kundionetsa foda ina yobisika.

"Achimwene, chomwe akutsekerani ndi chitseko. Mawuwo ali umu. Koma ali mbwerekete, chilichonse munajambula, cholakwika ndi cholondola, mayina ake manambala okhaokha. Muli ndi pulogalamu ina?"

"Ilipo ina yake yotuwa. Yaulere."

"Imeneyo ndi yomwe ndinayambira ine. Pitani mukasankhe."

Zidutswa zinalipo zoposa zana. Ndinakhala pansi m'chipinda cha ana n'kuyamba kumvetsera chimodzichimodzi, ndipo posakhalitsa ndinazindikira kuti ntchito iyi ndimaidziwa. Ndi belo. Umakhuthula pansi, n'kuyamba kufunafuna yakumanzere ya iyi. Ichi muli tambala, tayani. Ichi anatsokomola pakati. Ichi ndi chija makina a zitsulo anayamba tisanamalize. Ichi ndi chabwino, koma ndi vesi yachiwiri, mnzake ali kuti? Ndinkalemba manambala pa katoni ya nsapato. Kumsika sindinapite.

Lachisanu cha m'ma leveni magetsi anazima, laputopu nayo. Ndinathamanga nayo kwa wometa tsitsi wina wa pamsewu yemwe ali ndi sola, ndinakhala pakona pa kabenchi, mahedifoni kumutu, tsitsi la anthu likundigwera pa mabatani. Pulogalamu yotuwayo sikoka mawu yokha. Umagwira chidutswa ndi dzanja lako, kuchisuntha pang'ono, kumvetsera, kuchibwezanso. Mavesi analowana. Kolasi yoyamba inalowana. Pa kolasi yachiwiri mawu a alamu ankatsalira m'mbuyo ndi kampweya kamodzi. Ndikawakokera kutsogolo, kumapeto ankathamanga. Ndinalimbana nawo mpaka wometayo anati akufuna kuika makina ake pamoto. Ndinadina potulutsira nyimbo, kudikira kabokosi. Sipanabwere kabokosi. Inangotulutsa.

Loweruka muholo ku Chilomoni ndinapereka fulashi kwa dijeyi, n'kukaima kumbuyo pafupi ndi khomo, malo abwino kwa munthu amene angafunike kuthawa. Ankhoswe atamaliza kuyankhula, perekaniperekani asanayambe, akazi anga anakodola dijeyi uja.

Vesi yoyamba inali yawo, ndipo anthu ankangocheza, ena akusintha ndalama. Vesi yachiwiri alamu a ku Joni amayamba okha. Atangotulutsa mzere woyamba, apongozi anaimirira. Anayang'ana kukhomo, komwe kunali ine ndekha. Anayang'ana mbali inayo. Kenako anayenda pang'onopang'ono, kudutsa kutsogolo kwa akwati, mpaka pa sipika yaikulu ya pakona, n'kuikapo dzanja. Anaima pomwepo. Mkwatibwi anali ataweramira m'maluwa ake, wothandizira akulimbana ndi kumupukuta kumaso kuti zodzola zisayende.

Kolasi yachiwiri inafika. Kampweya kaja ndinakamva ngati mwala mu nsapato. Akazi anga anatembenuka, anandipeza ndi maso kudutsa mitu yonse ija, n'kubwereranso. Nyimbo itatha holo inadzaza nthungululu. Apongozi sanachoke pa sipika.

"Bwerezani," anauza dijeyi.

Ikuyambanso, akazi anga anabwera kumbuyo kuja foni ili m'manja, ataimba kale ku Joni.

"Gwirani. Mukweze m'mwamba amve. Musatsitse mpaka ithe."

Ndinaikweza. Apongozi anaibwerezetsa katatu, ndipo mkono unachita dzanzi, ndinasintha wina, nawonso unachita dzanzi. Mufonimo munkamveka phokoso loti sindinadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka. Itatha kachitatu ndinaitsitsa n'kuiika kukhutu.

"Amayi ali pati?" anafunsa alamu, mphuno zitatsekeka.

"Akadali pa sipika."



"Apatseni foni. Koma alamu, pa kolasi paja mwandichedwetsa. Musaganize kuti sindinamve."