Aphunzitsi a tapu ku Middlesbrough

A Rowland Chirambo ndi mng'ono wawo Eugene ankavina tapu m'mahotela a ku Blantyre, gule wogogoda pansi ndi nsapato zokhomedwa tizitsulo. Mkulu akagogoda, mng'ono ankayankha.

Mu 2011 a Rowland adafika ku Middlesbrough, ku Mangalande, okha. Eugene adatsala akudwala, ndipo adamwalira mapepala a mkulu wake okhalira m'dzikomo asanatuluke, moti a Rowland kumaliro sadapiteko.

Mapepala atatuluka, a Rowland adayamba kuphunzitsa ana tapu Loweruka lililonse m'holo ya tchalitchi. Ana ankawakonda, koma ankadabwa kuti aphunzitsiwo akamavina ankangoima mwadzidzidzi, mutu utapendekera kumanzere.

Tsiku lina mayi Patuma, omwe ankabwera ndi mwana wawo, adafunsa kuti, "Aphunzitsi, mumaimiranji pamenepo?"

"Pamenepo m'pa Eugene, mayi," adayankha a Rowland. "Ndimamumva akugogoda. Ndikaponda ndimusokoneza."



Mu 2018 mawondo adakana, ndipo adasiya kuphunzitsa. Mwana wawo wamkazi atawatengera kwake ku Hull, a Rowland adapempha chinthu chimodzi chokha, kuti m'chipinda mwawo ayalemo kapeti yochindikala mpaka pakhomo, mapazi awo asamamveke akamaponda.