Chigamba cha a Enock

Azakhali anga a Eveles anali munthu wa mu utsi. Ntchito yawo inali kuwamba nsomba kuseri kwa nyumba ndi kukagulitsa pa siteshoni ya Chipoka sitima ikaima. Maso awo ankakhala ofiira chaka chonse, koma ukangofunsa ngati akulira, ankakubweza msangamsanga: "Ndilire chiyani, wandimenya ndiwe?" Pakamwa pokha Mulungu sanawamane, ndipo anthu amati ine ndinatengera komweko.

Ku Chipoka anachita kubwera. Banja lawo linali ku Chikombe, kumene amuna awo, a Enock, anali msodzi wa pa chilumba cha Mbenji. Chilumba chimenecho mkazi sapondapo, ndi mwambo wa makolo. Chikatsegulidwa mu Epulo a Enock ankanyamula nkhafi n'kumapita, kubwera mwa apo ndi apo mpaka mvula itagwa. Mu 1961 mphepo ya mwera inagubuduza bwato lawo. Mtembo sunapezeke, m'manda anaikamo thunthu la nthochi. Bambo anga anakatenga mlongo wawo pamodzi ndi kamwana kawo Fanny, n'kudzakhala nafe.

Anthu anayesa kuwafunsira, onse anabwerera ndi manyazi. Za a Enock sankazikamba. N'chifukwa chake ndinadabwa tsiku lina mu 1979, tikupala mamba, atangoti, "Dorothy, nkhope ya bambo ake a Fanny yandithawa. Mawu ndikuwamva, chifuwa chawo cha fodya ndikuchimva, koma ndikati ndiwaone, palibe." Chithunzi analibe. Msodzi wa nthawi imeneyo akanachitenga kuti?

Chaka chomwecho aphunzitsi a Lawson, amene anali atapuma ntchito, anapempha sitolo ina imene Mmwenye anaisiya atasamukira m'tauni, n'kuikamo zinthu zakale. Tinkawaseka kuti sukulu yawazunguza mutu, munthu wamkulu kumatola miono yothyoka yogwirira nsomba. Koma wina anabwera n'kutiuza kuti m'menemo muli chithunzi cha asodzi a ku Mbenji, chimene mzungu wa za nsomba anajambula kale. Azakhali anasiya nsomba pamoto. Sindinawaonepo akuchita zimenezo.

Tinapita tsiku lomwelo, linali Lachinayi. Anavala chitenje chawo cha ku Mvano, khadi la chipani analimanga pa nsonga ya mpango kuopa Ayufi a pamsika, ndipo njira yonse ankandikalipira kuti ndikuyenda ngati ndasenza mtondo.

M'sitolomo munali mukununkhabe palafini ndi mchere. Pa mashelefu pamene pankakhala nsalu panali nkhafi, mikondo, nyale ya sitima ya pamadzi, ndi ukonde wakale wa chingwe chopota pamanja. A Lawson anayamba kutifotokozera chimodzichimodzi monga akuphunzitsa Sitandade 5.

"Aphunzitsi," anatero azakhali, "mono ndimaudziwa, ndagona nawo m'nyumba. Ndionetseni Mbenji."

Chithunzicho chinali pakhoma la kumapeto, m'galasi, chachikulu ngati chivindikiro cha ndowa. Munali miyala, timisasa taudzu, ndi amuna asanu ndi anayi ataima pafupi ndi mabwato. Azakhali anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nkhungu pagalasi. Anayamba ndi miyalayo. "Ndiye kuno? Miyezi yonse ija ankagona pamiyala pamenepa?" Kenaka anayenda ndi chala nkhope ndi nkhope. Ena ankawatchula maina, ena ayi. Atafika kwa wachisanu ndi chitatu, ine mtima unali utagwa kale.

Wotsiriza sanayang'ane wojambula. Anali atawerama, akukokera bwato kumtunda, msana wokhawokha. Pa malaya ake panali chigamba chachikulu chokhala ndi malemba.

"Awa," anatero azakhali.

"Mukutsimikiza, amayi?" anafunsa a Lawson. "Nkhope siikuoneka."

"Tawerengani pamsanapo."

A Lawson anavala magalasi, napendeketsa mutu. "Ndi thumba la shuga. Koma malembawo ndi ozondoka."

"Ndinasoka ndine. Ine sukulu ndinaiona liti? Ndinangoona kuti nsalu ndi yolimba. Anzawo anawaseka nyengo yonse, ati kuti uwerenge msana wa Enock uyambe waima ndi mutu. Nditamva ndinati bweretsani ndisomole. Anakana. Anati, 'Asiye aseke, iwo akazi awo sawasokera n'komwe.'"

Anaseka pang'ono, n'kubwezeranso maso pachithunzicho. Ine ndinkayang'ana nyale ija kuti ndisawayang'ane.

"Aphunzitsi," anatero pambuyo pake, mawu atatsika, "tachitembenuzani. Mwina nkhope ili kuseriku."

Ndinamva manyazi, ndisaname. Ndinatsala pang'ono kuwakoka chitenje n'kuwauza kuti chithunzi si munthu. Koma a Lawson, amene tinkawaseka aja, sanamwetulire n'komwe. Anakwera pampando, anachichotsa pa msomali bwinobwino, n'kuchitembenuza ndi manja awiri. Kuseri kunali katoni yofiirira ndi ndowe za mphemvu.

Azakhali anaisisita katoniyo. "Zikomo. Bwezeranipo."

Pobwerera sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Tinapeza nsomba zija zapserera. Anazichotsa pamoto osadandaula.

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse, akachoka ku Mvano, ankadzera kusitoloko. A Lawson anawaikira kampando pansi pa chithunzicho, ndipo alendo akabwera, za Mbenji ankafotokoza ndi azakhali, munthu amene sanapondepo pachilumbacho. Anatero zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka miyendo itakana.

Tsiku lina ndinawafunsa, pakamwa panga pomwepa, kuti amakaonanji popeza nkhopeyo sanaipeze.

"Iwe ndiwe mwana," anatero. "Munthu wa ku Mbenji nkhope yake umaiona masiku angati pachaka? Ine chimene ndinkaona ndi msana umenewu, ukutsikira kumadzi. Ndikakhala pakampando paja, amakhala ngati angonyamuka kumene, sanafike patali. Ndimangodikira kuti acheuke."