Asanandisudzule

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi anatsala kumudzi kwa amayi ake ku Wimbe. Anali ndi zaka zinayi. Palibe amene ananena kuti akumutenga. Titabwera kumanda, apongozi anga anangomubereka ngati khanda, miyendo ikulendewera, ndipo anatuma mlamu wanga, mchimwene wa malemu, kudzandiuza kuti mwana asapite kaye ku Boma, kumene tinkakhala, chifukwa m'nyumba muja mukadali fungo la mayi ake. Ndinavomera. Sabata imeneyo ndikanavomera chilichonse.

Ine kwathu ndi kumpoto kwa Kasungu, kumene timayankhula Chichewa pamsika ndi Chitumbuka pakhomo. Kumeneko munthu akalowola, ana amakhala a bambo. Pamene ndinkafunsira, bambo anga anakonza ng'ombe ziwiri. Atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene ndiwo mwini mbumba, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'ombe zanuzo kalimireni," anatero. "Kuno mwana sitigulitsa."

Tonse tinaseka, ine ndikuona ngati katundu wandichoka pamutu. Bambo okha ndi amene sanaseke. Ine ndi mkazi wanga tinadziwana kukoleji, tinamangitsa ukwati kutchalitchi, n'kuchita lendi nyumba ku Boma. Kumudzi kwawo sindinamange nyumba monga amachitira mkamwini. Sindinapemphenso chitengwa, chilolezo chotengera mkazi kwanu. Ndinkati zimenezo n'za anthu amene akusamutsira mkazi kumudzi kwa makolo awo. Nyumba ya lendi munthu angaipemphere chitengwa?

Patatha masabata atatu chiikire maliro, ndinabwerera kuntchito. Ndinkagwira ntchito yofunsa mafunso pa kafukufuku wa moyo wa m'mabanja. Galimoto inkatitula m'midzi ya kwa Mwase ndi ku Wimbe, aliyense ndi tabuleti yake, ndipo tinkayenda khomo ndi khomo. Amagona m'nyumba muno ndani? Amalamula pa za ana ndani? Mukayambana mumakadandaula kwa yani? Mafunsowa ndinali nditawafunsa kambirimbiri, ndipo mayankho ake ndinkangowadina osawamvetsera kwenikweni. Otiyang'anira anandiuza kuti ndipume mwezi wina. Ndinakana, chifukwa m'nyumba munali zii.

Tsiku lina ndinafika pakhomo pa bambo wina wa imvi zoyamba kumene, amene ankalima fodya ngati tenanti pamunda wa munthu wina. Ndinawapeza m'chigafa akusoka masamba. Sanaleke ntchito, anangondilozera chitsa kuti ndikhale.

"Muli ndi ana angati, bambo?"

"Obereka kapena oona ndi maso?"

"Obereka."

"Asanu."

"Nanga amene amagona m'nyumba muno?"

"Makoswe." Anandiyang'ana uku akumwetulira. "Lembanitu, achimwene. Kapena kamakina kanuko kalibe malo a makoswe?"

Ndinafunsa kumene anawo ali. Anandiuza kuti anakhala pachikamwini zaka zambiri, anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anabzala mango. Mkazi atamwalira, akuchikazi anadikira chaka. Kenaka anafulula thobwa, anaitana ankhoswe a mbali zonse, anawathokoza chifukwa chosunga bwino mwana wawo, n'kuwauza kuti awasudzula, ndi omasuka, akhoza kukakwatira kwina. Anachoka ndi khasu, nkhwangwa ndi wailesi. Ana anatsala.

"Simunkapita kukawaona?"

"Ndinkapita. Ukafika amakutulutsira mpando, amakuphera nkhuku. Tsiku lina chitsirizira changa, kamnyamata, ndinakamva kakufunsa mayi ake aang'ono kuti, alendo aja apita liti? Ndiye ndinaleka." Anakoka chingwe, n'kukankhira masamba kumapeto. "Sanandithamangitse ayi. Anandithokoza. Achimwene, usanasudzulidwe umakhala mkamwini, uli ndi pokhala, ana ako umawadzudzula. Ankhoswe ako akangoomba m'manja n'kunena kuti zikomo, basi, ndiwe mlendo."

Pa tabuleti panalibe yankho lofanana ndi zimenezi. Ndinadina pamene panalembedwa kuti zina.

"Inu munakwatira?" anandifunsa ndikunyamuka.

"Eya."

"Musungeni bwino mkaziyo. Mumuuze kuti asatsogole."

Ndinawathokoza chifukwa cha nthawi yawo, monga tinaphunzitsidwira. Ndinayenda mpaka kuseri kwa chulu, kumene ndinakhala pansi kwa kanthawi ndisanapite pakhomo lotsatira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zinthu zimene poyamba sindinkaziona. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi, kenaka kabaza, ndi shuga ndi sopo m'jumbo. Loweruka lina mlamu wanga anati apongozi akufuna kabuku ka kusikelo ka mwana, kuti akadwala asamavutike. Zinali zomveka, ndinakabweretsa. Loweruka lina ndinamva kuti amulembetsa kumkombaphala wa kutchalitchi. Zinalinso zomveka. Zovala zake ndinkazibweretsa ndekha, pang'onopang'ono, mpaka m'nyumba ya ku Boma munatsala nsapato imodzi yokha imene inagwera kuseri kwa bedi. Kale ndikafika ndinkakhala panjerwa pamodzi ndi alamu. Tsopano anayamba kunditulutsira mpando.

Chimene chinandiopsa kwambiri chinachitika mu Juni. Masiku onse mwana akandiona patali ankathamanga akukuwa kuti adada, n'kudzandigwira miyendo. Tsiku limenelo anabwera pang'onopang'ono, anagwada patali pang'ono, anaika manja pamodzi.

"Muli bwanji?" anatero, maso ali pansi.

"Mwaona?" anatero mlamu wanga monyadira. "Tamuphunzitsa ulemu. Ku Boma kuja munkamulera ngati mzungu."

Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iye. Ndinamuyamikira. Patapita mphindi zingapo anaiwala ulemuwo n'kudzakhala pamiyendo panga, koma ine mtima sunakhale pansi tsiku lonse.

Malamulo ndinkawadziwa. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ndipite kukhoti, bambo wamoyo salandidwa mwana. Ndinalemba ngakhale kalata yake, koma sindinaipereke. Ndinkaopa kuti akandifunsa kuti, inu mumakhala m'midzi sabata yonse, mwana azitsala ndi yani? Ndipo ndikanapambana, ndikanapita ndi pepala kukamuchotsa kumsana kwa agogo ake akulira, m'mudzi umene mayi ake agona. Pambuyo pake tikanabwererako bwanji? Nthawi zina ndinkaganiza zongomutenga ngati tikukagula mandasi, osabwereranso. Ndinafika powerengera mphindi zochokera pakhomo kukafika pamsewu. Ndinachita manyazi nditadzigwira ndikuwerengera.

Ndinapita kwa bambo anga kukawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nkhakuphalira yayi, chifukwa ukapulikanga yayi," anatero, kutanthauza kuti sanandichenjeze popeza sindikanamva. Kenaka anapitiriza m'Chichewa. "Munthu wokana ng'ombe amakhala wasunga chinthu choposa ng'ombe. Ukadali mnyamata. Akakumasula ubwere kuno, tikupezera mkazi womulowola bwinobwino."

"Nanga mwana?"

"Akadzakula adzakufunafuna."

Uthenga unabwera mu Ogasiti, fodya atagulitsidwa. Mlamu wanga anaimba foni kuti Loweruka ndibwere ndi ankhoswe, atsibweni ali ndi mawu. Sindinafunse kuti mawu anji. Masiku anayi otsatirawo chakudya sichinkalowa. Ndinkafunsa anthu mafunso, iwo n'kumandikumbutsa kuti funso limenelo ndafunsa kale.

Ankhoswe anga anali bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo anga. Tinafika dzuwa lisanatenthe. Anthu anakhala pamthunzi wa chigafa chopanda fodya, amuna pamipando ndi panjerwa, amayi pamphasa chakumbuyo. Panali ndowa ziwiri za thobwa. Nditaona thobwalo ndinakumbukira mawu a bambo olima fodya aja. Mwana sindinamuone, anali atamutumiza kukasewera kwa anansi.

Atsibweni anayankhula bwino, sindinganame. Anati mwana wawo ndinamusunga, sanabwerepo ndi chipsera kapena dandaulo. Anati m'chipatala sindinachoke pambali pake. Anati maliro ndinawalira ngati mwana wa m'mudzimo.

"Tsono munthuyu magazi akadali otentha," anatero. "Tikamumanga, mawa timva kuti walumpha mpanda wa eni ake, milandu ibwera kwa ife."

Anthu anaseka. Bambo aang'ono anasekanso pang'ono, kenaka anafunsa mwaulemu za mwana.

"Mwana ali kwawo," anatero atsibweni. "Bambo ake azibwera kudzamuona tsiku lililonse limene afuna, khomo ndi lotsekula. Kapena ndaiwala, akulu? Ng'ombe zinalowa m'khola muno? Chitengwa munadzapempha? Ku Boma kuja tinangokubwerekani, poti ndi ana a sukulu."

Bambo aang'ono anayang'ana pansi. Chinatsala n'choti aombe m'manja, athokoze, timwe thobwa. Ndinaona akuika chipewa pabondo, akutambasula manja.

Pabwalo lotere mkamwini sayankhula. Mawu ake amadzera mwa ankhoswe. Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinatsika pampando n'kugwada pafumbi.

"Musandisudzule," ndinatero.

Mawu anatuluka aang'ono, moti atsibweni anatchera khutu. Ndinabwereza.

"Chonde musandisudzule. Ndinakwatira pano koma sindinamange. Kulakwa kunali kwanga. Mundipatse malo ndimange tsopano, ndikhale pachikamwini."

Bambo aang'ono anandigwira phewa mwamphamvu n'kunong'ona kuti ndikuchititsa manyazi mtundu wonse, kwathu mwamuna sakhala kwa mkazi, nanji mkazi woti kulibe.

"Alamu," anatero mlamu wanga, "mukufuna kukwatira manda?"

Wina anamudzudzula. Atsibweni anatembenukira kwa ine.

"Inu a kukoleji, chikamwini muchitha? Khasu mumadziwa mbali yogwira? Kunotu kulibe mpopi m'nyumba. Ndipo mudziwe, munthu wosasudzulidwa sakwatira. Mukadzangobweretsa mkazi, tsiku lomwelo mwadzisudzula nokha."

"Ndamva."

"Mwamva lero. Nanga pakatha zaka zitatu?"

Sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kuti manja a bambo aang'ono asaombe.

Apongozi anga chikwatirire ine anali asanandiyankhulepo maso ndi maso pagulu. Tsiku limenelo anayankhula ali kumphasa, nkhope atalozetsa kumbali.

"Achimwene, asiyeni. Mwanayu Loweruka lililonse amadzuka m'mawa kukakhala panjira. Lamulungu akachoka awa, sadya. Ine ndatopa kumunamiza kuti abwera mawa." Anakonza mpango wawo. "Koma ku Boma yekha sapita. Mwana wanga mmodzi anapita ku Boma, anabwera m'bokosi."

Atsibweni anakanda ndevu, anayang'ana ndowa za thobwa zija.

"Mwambo wokakamiza munthu kumasuka sindinaumvepo," anatero. "Malo alipo kuseri kwa chigafachi. Koma nkhaniyi sitinaitseke, taiimika. Tidzaionanso chaka chamawa fodya akapita. Thobwali imwani, lingasase."

Bambo aang'ono sanamwe. Ulendo wonse wobwerera sanandiyankhule, ndipo bambo anga anatha miyezi isanu osayankha foni yanga.

Njerwa ndinaumba ndi alamu mwezi womwewo, manja anatuluka matuza mpaka kugwira tabuleti kunkavuta. Ndinamanga zipinda ziwiri mvula isanagwe. Nyumba ya ku Boma ndinaisiya, ndinagula njinga yamoto yakale, ndipo ndimanyamuka m'mamawa kukakumana ndi galimoto ya kuntchito. Masiku amene ndagona pakhomo, mwana amagona kwa ine. Ndikachokapo amagona kwa agogo ake. Kabuku ka kusikelo kakadali kwa apongozi, ndipo sindinakapemphe.

Malo amene ndamangapo si anga. Ndikayambana ndi mlamu pa nkhani ya mbuzi kapena malire a dimba, ndimayamba ndine kupepesa, ngakhale pamene sindinalakwe. Ndikaseka ndi mkazi aliyense pamsika, ndimayang'ana kaye amene akundiona. Chaka chilichonse mabelo a fodya akayamba kukwezedwa pamalole, tulo timandivuta, ndipo ndikaona amayi akuanika chimera ndimafunsa mwana mochenjera kuti thobwalo n'la chiyani.

Atsibweni andifunsanso za nkhaniyi kawiri tsopano. Sasonkhanitsanso anthu, amangondipeza kudimba. Ulendo wapitawu anaima pamzere wa tomato, manja kumbuyo.

"Akamwini, simunatope?"

"Sindinatope."

"Mwanayu akamaliza pulaimale adzafuna sekondale yabwino. Mudzati apite kuti?"

"Tidzakambirana ndi inu."

"Mwayankha bwino," anatero. "Tidzaonanso chaka chamawa."

Anatola tomato awiri akupsa, anaika m'thumba la jekete, n'kumapita. Ndinadikira mpaka atakhota pachitsime. Kenaka ndinatsuka m'manja, ndinapita kukamutenga mwana kusukulu.